Jacinta Ayeza Galimoto ya Amalume

1. Mlendo wofiira ku Biwi

Ife a ku Biwi sitizizwa ndi galimoto. Timaziona tsiku ndi tsiku, zina zikubwera zokokedwa ndi chingwe, zina zokankhidwa ndi anthu asanu, zina zikutsokomola utsi wakuda bii. Koma imene inalowa pa galaja ya bambo Greenwell Mkwapatira Lachiwiri lija m'mawa inaimitsa ntchito mumsewu wonse.

Inali yofiira psuu, ya zitseko zinayi, yotsika pansi ngati yagwada. Kumbuyo inali ndi mapaipi anayi otulutsa utsi, ndipo kulira kwake munthu ankakumva m'chifuwa. Owotcherera mageti anazimitsa makina awo. Mayi wootcha chimanga pakona anapsereza zinayi, maso ali pa galimoto.

Mwini wake anatsika pang'onopang'ono kuti aliyense awaone bwino. Anali bambo Gilford Chadzunda, amene amaitanitsa magalimoto kunja n'kumagulitsa m'tauni muno. Pa nkhani yodzimva, ine sindinaonepo wina wowaposa.

"Jacinta ali kuti?" anafunsa asanapereke n'komwe moni.

Jacinta anatuluka pansi pa minibasi imene ankakonza, ovolosi ili yakuda ndi oilo. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri, wa chaka chachiwiri pa sukulu ya zaumakaniko, ndipo pa galajapa ankaphunzirapo ntchito ya manja. Bambo Chadzunda anali amalume ake, mlongo wawo wa mayi ake amene amakhala kumudzi ku Linthipe. Chiyambire Folomu 1, Jacinta ankakhala m'nyumba ya amalume akewo ku Area 25. Kupatula nyumba imeneyo, mu Lilongwe monse analibe pena poika mutu.

Pambuyo pa galimoto yofiirayo panaima ina yoyera, ndipo munatsika mayi wojintcha, wa chikwama chachikulu. Awa anali mayi Peggy Nankhuni a ku Area 36, amene ntchito yawo ndi kubwereketsa magalimoto onyamula akwati. Iwo sanayang'ane bambo Chadzunda. Analunjika kwa mwini galaja, amene anakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa mtengo wa mango atavala magalasi akuda.

"Bambo Mkwapatira, galimoto iyi ndikuifuna," anatero. "Akwati a masiku ano sakufunanso zoyera zanga zija, akufuna zobangula. Koma ine sindigula mphaka m'thumba. Ndikufuna pepala la galaja yanu, lokhala ndi chidindo chanu. Popanda limenelo, abambo awa abwerera nayo."

"Maso anga anachitidwa opaleshoni ya ng'ala sabata yatha," anayankha bambo Mkwapatira. "Adokotala andiletsa kuyendetsa, andiletsanso kulowa pansi pa galimoto. Amene ayeze ndi mtsikanayu."

Bambo Chadzunda anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. Za opaleshoniyo ankazidziwa kale, ndipo n'chifukwa chake anavomera msanga kubwera ku Biwi.

2. Kuseri kwa kontena

Amalume anakodola Jacinta ndi chala, n'kupita naye kuseri kwa kontena yosungiramo zida. Kumeneko kumwetulira kuja kunatheratu.

"Tamvera iwe," anayamba motsitsa mawu. "Galimoto iyi ndi yabwino. Wamva? Ndi yabwino. Uizungulire kawiri, uyendetse pang'ono kuti mayiwa akhutire, ulembe pepala, nkhalambayo idinde. Sikuona kanthu, idinda chilichonse chimene ungaipatse."

"Amalume, ndiyenera ndiione kaye."

"Uione chiyani? Ine ndayendetsa magalimoto iwe usanabadwe. Ndinakutenga ku Linthipe uli ndi diresi imodzi yong'ambika. Mayi ako anagwada pamaso panga kuti ndikutenge, ine osakana. Wadya m'nyumba mwanga zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakufunsapo kanthu? Lero ndi tsiku loyamba kukupempha chinthu, ndipo sindikupempha ndalama, ndikupempha cholembera basi. Chibale ndi fupa, sichiola. Munthu sayalutsa malume wake pagulu, kwathu kulibe zimenezo. Ukandichititsa manyazi pamaso pa mzimayi uyu, udziwiretu kokagona lero, chifukwa pakhomo panga suponda."

Jacinta anangoyang'ana nsapato zawo zosongoka. Amalume anayesa kuti wavomera. Anamuponyera makiyi n'kubwerera kwa mayi Nankhuni akuimba kamluzu.

3. Chenjezo la bambo Mkwapatira

Musaganize kuti kwa bambo Mkwapatira Jacinta anakapeza mawu ozizira. Madala aja lilime lawo ndi lakuthwa, ndipo tsiku limeneli analinola. Anamuitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Maso ndilibe, koma makutu ndili nawo," anatero. "Kuseri kwa kontena anthu sapitako kukapemphera. Amalume ako akupatsa kale zolemba, si choncho?"

"Sindinavomere kanthu, bambo."

"Sunakanenso. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ine ndiye ndamuika pa mkhatepo ndi manja angawa. Ndikanadziwa kuti wogulitsa ndi mbale wako, ndikanawabweza mayiwa. Koma poti zafika apa, khala pansi ndikuuze chimene sindiuza anthu.

"Ndili mnyamata ndinali ndi mnzanga, tinkadyera mbale imodzi. Anagula pikapu yakale, n'kuipenta bwinobwino kuti aigulitse. Anabwera nayo kwa ine. Ndinaona ndi maso angawa kuti chitsulo chogwira tayala lakutsogolo chinathyokapo, n'kungowotcherera pamwamba. Mnzangayo anati, 'Greenwell, ndi kanthu kakang'ono, usandiphere msika.' Ine ndinalemba kuti galimoto ili bwino. Wogula anali mlimi wa mbatata. Patangotha milungu itatu, akutsika phiri ndi matumba, antchito anayi atakhala pamwamba, chitsulo chija chinalekana. Awiri anafera pomwepo. Ku maliro ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndipo palibe anandiloza chala. Koma pepala linali langa. Mnzanga uja lero ndi mkulu wa mpingo, amagona tulo tabwino. Ine zaka makumi atatu zapita, ndikamva galimoto ikulira mabuleki ndimadzidzimukabe.

"Ndiye umve. Makaniko sayeza penti. Penti ndi ya maso a wogula. Makaniko amayeza chimene chabisika, chifukwa anthu amene adzakwere m'menemo sadzagwada kuti aone pansi. Adzangolowa, n'kutseka chitseko, kukhulupirira munthu amene sakumudziwa n'komwe. Munthu ameneyo lero ndi iwe. Magalimoto othamanga ngati awa, kunja amawagula achinyamata amisala, amawawombetsa, kenako obwera nawo kuno amatola zotsala. Si onse ayi, koma alipo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Ine sindikukakamiza. Chimene ulembe ndidinda, poti sindingathe kuchiwerenga. Ukandinamiza sindidziwa lero. Koma galimoto siisunga chinsinsi, tsiku lina idzanena yokha pamsewu."

Atatero anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa zinthu ziwiri zimene sasiyana nazo: maginito a sipika yakale okulungidwa m'kansalu, ndi chingwe chachitali cha omanga nyumba. Anaziika pabenchi osamupatsa m'manja.

"Ngati uzifuna, tenga. Ngati suzifuna, zisiye pomwepo, ndimva."

Jacinta anazitenga n'kuziika m'thumba la ovolosi.

4. Pa msewu wa bayipasi

Anayala pepala lapulasitiki pampando kuti asadetse, n'kukhala pa chiwongolero. Mayi Nankhuni anakhala kutsogolo, amalume kumbuyo.

Tinene zoona, m'kati mwa galimotoyo munali mokoma. Mipando inali yachikopa, yogwira munthu m'nthiti ngati ikumukumbatira. Inkasuntha yokha ukadina batani. Ukatseka chitseko, phokoso lonse la Biwi, nyundo, magirayinda ndi oitanira minibasi, linkatsala kunja.

Jacinta anadina batani loyatsira koma sanalize injini. Anayang'ana nyali za pa dashibodi zikuyaka zonse pamodzi, monga zimachitira galimoto ikamadziyeza yokha. Anazimitsa, n'kuyatsanso, n'kuyang'ananso.

"Ukuwerenga nyenyezi?" anakalipa amalume. "Tiye."

Vuto loyamba linapezeka asanatuluke mu Biwi. Pa hampu yoyamba mimba ya galimoto inakhula pansi, kwee. Jacinta anachita kuidutsa chopingasa, pang'onopang'ono, mpaka wa kabaza anawapitirira akuseka.

"Nanga akwati a ku Chinsapo ndikawatenga bwanji ndi misewu ya kumene kuja?" anafunsa mayi Nankhuni.

"Iyi si ngolo, mayi," anayankha amalume. "Akwati aziyenda wapansi kufika pa tala."

Atadutsa raundabauti ya ku Bunda n'kulowa mu bayipasi, msewu unali pululu. Jacinta anaponda mafuta. Abale inu, galimoto ija inanyamuka ngati yalumidwa. Misana yawo inamatirira kumipando, magiya akusintha okha mofulumira osagwedeza munthu. Asanawerenge mpaka faifi, muvi wa liwiro unali utafika pa handiredi. Mayi Nankhuni anagwira chikwama chawo ndi manja awiri, koma nkhope yawo inkaoneka kuti akondwa.

"Mwaimva?" anafuula amalume. "Injini ya matebo awiri imeneyo, owonjezera mphamvu aja. Mu Lilongwe muno mulibe ina."

Apa sananame. Injiniyo inalibe chifukwa, ndipo Jacinta anaikonda ndi mtima wake wonse. Chiyambire sanagwirepo chinthu chomvera phazi lake chonchi.

Kenako anayang'ana pagalasi, naona kuti kumbuyo kulibe galimoto ina. "Gwirani zolimba," anatero, n'kuponda mabuleki mwamphamvu.

Galimoto sinaime molunjika. Mutu wake unathawira kumanzere, chiwongolero chikufuna kuchoka m'manja. Matayala awiri anatsika pa tala n'kulowa m'miyala, fumbi lili koboo. Inaima pafupi ndi ngalande, pamene panali mayi wina ndi mtolo wa nkhuni, amene anauponya pansi n'kuthawa.

"Ukufuna kutipha?" anakuwa amalume. "Ndani anakupatsa laisensi iwe? Ndi msewu uwu, wapendekeka. Aliyense akudziwa."

Jacinta anatembenuza galimoto n'kuyesanso pobwerera, mbali ina ya msewu, pa liwiro locheperapo. Inathawiranso kumanzere. Kenako anabwerera ku Biwi.

5. Maginito ndi chingwe

Pa galaja anthu anali atachuluka, poti ku Biwi nkhani imathamanga kuposa galimoto. Jacinta anaimika galimotoyo pa simenti yosalala, nawongola matayala, n'kutulutsa maginito aja.

"Ufiti wanji umenewo?" anafunsa amalume. "Galimoto ya makompyuta ukuiyeza ndi zinyalala za m'sipika?" Anatembenukira kwa bambo Mkwapatira. "Madala, nzeru zanu zinatha ndi malole akale. Tsabola wakale sawawa."

"Dikirani alowe m'maso," anayankha bambo Mkwapatira osatembenuka.

Jacinta anayendetsa maginito pa chitseko chakumbuyo, ndipo anamata. Padenga anamata. Pa chitseko chakutsogolo kumanja ndi pa chipilala chake anamatanso. Atafika kumanzere, pa chipilala cha pakati pa galasi lakutsogolo ndi chitseko, maginito anagwa pansi, phi. Anawatola n'kuyesa chapansi pang'ono. Anagwanso.

"Zikutanthauza chiyani?" anafunsa mayi Nankhuni.

"Maginito amagwira chitsulo, mayi. Magalimoto ena amakhala ndi boneti kapena zitseko za aluminiyamu, zimene maginito sagwira. Koma chipilala ichi kumanja chagwira, kumanzere chakana. Ndiye kuti pansi pa penti apa pali phala lomatira, lochindikala."

"Kachipsera kakang'ono," analowerera amalume. "Inakhudzana ndi geti ku doko. Galimoto iti ilibe chipsera?"

Jacinta anatambasula chingwe. Anayeza kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, mbali ya kumanja, n'kumanga mfundo. Anazungulira kumanzere n'kuyezanso. Mfundo inapitirira ndi zala ziwiri. Mbali ya kumanzere inali yaifupi.

Anatsegula chitseko, nagwada, n'kuyamba kumasula kapeti ya pansi pa mapazi.

"Usang'ambe galimoto yanga," anatero amalume, mawu atasintha. "Jacinta, ndikulankhula ndi iwe. Dzuka apo."

Iye anakoka kapetiyo. Pansi pake panali mzere wa zowotcherera, wokhakhala ngati msana wa ng'ona, wochoka ku chitseko china kukafika ku chinzake. Unali wopakidwa phula lakuda kuti usaoneke. Kutsogolo kwa mzerewo chitsulo chinali cha penti yofiira. Kumbuyo kwake chinali cha penti yotuwa.

Mmodzi wa owotcherera mageti anasuzumira n'kugwira pakamwa. "Awa ndi magalimoto awiri," anatero.

Panatsala chinthu chimodzi. Jacinta anamasula galasi la pa dashibodi, n'kutulutsa kachidutswa ka tepi yakuda kamene kanamatidwa mkati. Atayatsa, nyali yofiira imene sinayake m'mawa uja inayaka, osazimanso. Inali nyali ya maeyabagi, matumba a mpweya aja amene amafufuma pangozi kuti munthu asamenyetse mutu. Wina anaibisa dala kuti isaulule kuti matumbawo sakugwira ntchito.

6. Pepala

Mu ofesi ya galaja, kachipinda ka malata kotentha ngati uvuni, Jacinta anakhala pa tebulo ndi fomu yoyezera. Amalume analowa n'kutseka chitseko.

"Palibe chimene chaonongeka," anatero mofatsa, kufatsa koopsa kuja. "Anthu aona, inde, koma anthu sadinda mapepala. Ulembe kuti inakonzedwapo ndipo ili bwino. Mayiwa ndikawatsitsira mtengo, agula. Akapanda kugula iwo, ndi pepala limenelo agula wina. Owotcherera ake anali akatswiri, yayenda kuchokera ku doko mpaka kuno osagwa. Ukufuna chiyaninso?"

"Amalume, munkadziwa?"

"Usandifunse mafunso ngati wapolisi. Ndine malume wako, mwini mbumba. Tsiku lodzakwatiwa iwe, adzakhale kutsogolo ndani? Ukadzapalamula, adzakuyankhulire ndani? Nkhalamba yakhunguyo? Ganiza bwino, mwana iwe. Wakwera pamsana pa njovu, ndiye ukuti kunja kulibe mame."

Jacinta anagwira cholembera. Misozi inali m'maso, pakuti amalumewa ankawaopa, komanso ankawakonda. Analemba kwa mphindi khumi, iwo ataima pamsana pake akuwerenga liwu lililonse. Atafika pa mzere womaliza, amalume anatsonya, natsegula chitseko ndi mwendo n'kutuluka.

Panja, bambo Mkwapatira anati, "Werenga mokweza. Ine ndimadinda chimene ndamva."

Jacinta anawerenga mokweza.

"Injini ili bwino kwambiri, ndipo ndi yamphamvu. Magiya ali bwino. Mipando, zoziziritsira ndi magetsi a m'kati zili bwino. Galimotoyi ndi yotsika kwambiri, siyenera misewu ya mahampu ndi maenje. Thupi lake ndi la magalimoto awiri olumikizidwa pakati. Mbali ya kumanzere ndi yaifupi, n'chifukwa chake imathawira kumanzere poponda mabuleki. Maeyabagi sakugwira ntchito ndipo nyali yake inabisidwa ndi tepi. Ikawombana ndi chinthu pa liwiro, ikhoza kuduka pakati. Siyenera kunyamula anthu."

Bambo Mkwapatira anapapasa chidindo m'thumba, nachiuzira mpweya, n'kudinda pepalalo pa bondo lawo.

Mayi Nankhuni analilandira, nalipinda kanayi, n'kuliika m'chikwama. Kenako anayang'ana bambo Chadzunda kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati ku Kawale," anatero. "Mkwatibwi ndi mwana wa mnzanga wa kumpingo. Pampando wakumbuyo uwo pakanakhala iyeyo ndi mwamuna wake, ndi tiana tiwiri ta maluwa. Inu bambo, mumapemphera kuti?"

Sanadikire yankho. Analowa m'galimoto yawo yoyera n'kumapita.

Amalume anatsala pakati pa anthu, thukuta lili kamukamu. Wina kumbuyo anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiye kunawatsiriza. Analoza Jacinta ndi makiyi.

"Njoka ndinaiweta ndekha," anatero. "Ovolosi wavalayo yakulowa m'mutu. Uone ngati ikupatsa pogona."

Anakwera galimoto yawo n'kuiliza mwaukali. Potuluka pa geti inakhulanso mimba pa hampu, ndipo anthu anaseka poyera.

Jacinta anabweza maginito ndi chingwe pa benchi. Ngati ankayembekeza kuyamikiridwa, analemba m'madzi.

"Wachita chimene umayenera kuchita," anatero bambo Mkwapatira. "Munthu sapatsidwa mendulo chifukwa sanabe. Minibasi ija ikudikira, mwini wake abwera folo koloko."

7. Pakhonde ku Area 25

Anaweruka cha m'ma folo, nakwera minibasi ya ku depoti, kenako ina ya ku Area 25. Dzuwa linali lisanalowe pamene anafika pa geti la nyumba ya amalume.

Geti linali lokhoma. Panja pake, m'fumbi, panali chikwama chake chachikulu, ndowa yake yosambira, ndi katoni ya mabuku a kusukulu yomangidwa ndi mpira. Ana a m'nyumba zoyandikana anaima chapatali akuonerera.

Mayi Felesita, akazi a amalume, anali pakhonde mkati mwa mpanda. Anabwera pa geti koma sanatsegule.

"Anti, ndiloleni ndilowe ndifotokoze."

"Ufotokoze chiyani? Amalume ako afika kuno akunjenjemera, sanadye n'komwe. Tauni yonse ikuwaseka. Mafoni akungolira, amene anagula magalimoto kwa iwo chaka chatha akufuna akawayezetse. Wagwetsa nyumba imene imakufunditsa. Ine ndinkakutenga ngati mwana wanga, koma lero ndaona kuti mwana wa mwini ndi wa mwini. Andiuza kuti ndikakutsegulira, nanenso ndinyamule zanga."

"Anti, galimoto ija ikanapha anthu."

"Iwe ndiwe Mulungu kuti udziwe za mawa? Ukanangokana kuyeza. Ukanati mutu ukundipweteka. Njira zinalipo zambiri zosayalutsa munthu wamkulu, koma iwe unasankha ya pagulu."

Anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko.

Jacinta anakhala pa katoni ya mabuku. Anali asanaganize n'komwe kolowera pamene foni inalira m'thumba. Anali mayi ake, kuchokera ku Linthipe. Mtima unakhala pansi pang'ono, poti anati tsopano wapezeka womumvera.

"Amayi," anayamba.

"Khala chete, ndiyankhule ine," anatero mayi ake. Mawu awo anali a munthu amene wakhala akulira. "Achimwene andiimbira. Zimene wachitazo ndazimva, ndipo kuno mudzi wonse wamva. Ine ndinakupereka m'manja mwawo chifukwa ndinalibe pogwira. Munda umene ndikulimawu anandigawira ndi iwo. Azing'ono ako awiri akudikira kuti nawonso adzawatenge. Iwe wayesa kuti wadula nthambi yako yokha? Sukulu imeneyi ngati imaphunzitsa ana kuvula akuluakulu pagulu, bola ukanakhala kuno n'kumalima. Mawa ndikwera minibasi yoyamba. Tikapita limodzi ku galaja kwakoko, ukalemba pepala lina, ndipo ukagwada pamaso pa amalume ako anthu onse aja akuona."

"Amayi, zimene ndinalemba ndi zoona. Sindingalembe zina."

Mu foni munamveka mbuzi zikulira chapatali kumudziko.

"Ndiye ugone ukuganiza," anatero mayi ake. "Mawa ukandiuze pamaso ngati uli mwana wanga kapena wa galaja."

Foni inaduka. Jacinta anaiyang'ana, kenako anayang'ana geti lokhoma lija. Anasenza katoni pamutu, nakoleka chikwama paphewa, natenga ndowa kumanja, n'kuyamba kubwerera ku siteji, osadziwa kuti akauza kondakitala kuti atsikira pati.